Matenda Saŵeruka: Mbiri ya Usiku ndi Lamulungu m'Zipatala za ku Karonga

Maina a masiku amene timatchula m'maŵa uliwonse osaganizirapo ali ndi mbiri yao. Lolemba ndi tsiku limene kapitao ankalemba maina a anthu ofuna ntchito. Loŵeruka ndi tsiku loŵeruka ku ntchito yomweyo. Lamulungu, limene abale athu olankhula Chitumbuka amalitchula kuti Sabata, ndi tsiku losagwira khasu kapena cholembera. Masiku anai apakatiwo sadapatsidwe nkomwe maina, adangoŵerengedwa: Lachiŵiri, Lachitatu, Lachinai, Lachisanu. Pamenepa tiona kuti sabata ya masiku 7 siidamere m'nthaka yathu ino. Idabwera ndi amishoni, amalonda ndi atsamunda, ndipo idaumbidwa potsata ntchito ya malipiro. Makolo athu ankaŵerenga miyezi ndi nyengo, ndipo ankagoneka khasu pakagwa maliro kapena pa mwambo wopempha mvula, osati chifukwa choti tsiku lakuti lakwana.

Chipatala chachizungu chidakwera chombo chimodzi ndi sabatayo, nchifukwa chake chidatengera makhalidwe ake. Koma malungo a mwana, kutaya magazi kwa mai amene wangochira kumene, ndiponso ululu wa njoka, zonsezi siziŵeruka. Ngakhale munthu woyamba kuika Lamulungu m'malamulo a dziko adadziŵa kuti pali ntchito zina zosadikira. M'chaka cha 321 Mfumu Constantine ya ku Roma idalamula kuti oweruza milandu ndi amisiri a m'mizinda azipumula pa tsikuli, komabe idalola alimi kupita ku minda yao, poti nyengo yofesa ikapita yapita. Tifuna tsono titsate mbiri ya boma limodzi lokha, la Karonga, kuti tione amene akhala akusenza usiku ndi Lamulungu m'zipatala zathu, pakuti khomo la chipatala limatchedwa lotsekula pokhapokha ngati kuseri kwake kuli munthu wodziŵa chochita.

Tauni ya Karonga idayamba ngati sitolo. Mu 1884 kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitchula kuti Mandala, idatsekula malo a malonda m'mbali mwa nyanja, pamene padayambira mseu wopita ku nyanja ya Tanganyika, ndipo woyang'anira wake adali Monteith Fotheringham. Dzikolo lidali la Angonde a Kyungu, anthu a ng'ombe ndi nthochi. Patangopita zaka zitatu, nkhondo idabuka pakati pa kampaniyo ndi Mlozi pamodzi ndi anzake ogula minyanga ndi akapolo, amene adaamanga malinga cha ku Mpata. Chakumapeto kwa 1887 Angonde ambiri adaphedwa m'bango la ku Kambwe kumene adaathaŵira. Dokotala amene dzina lake limamveka kwambiri pa nkhondo imeneyi ndi David Kerr Cross wa Mishoni ya Livingstonia, munthu amene adaali atangoika kumene mkazi wake m'manda ku mapiri a kumpoto. Mu Juni 1888 Kaputeni Frederick Lugard, yemwe pambuyo pake adadzalamulira dziko la Nigeria, adalasidwa chipolopolo chimene chidapyoza mikono yonse iŵiri ndi pachifuwa, ndipo adapulumuka m'manja mwa Kerr Cross. Kwa dokotala ameneyu kudalibe Loŵeruka, poti padalibe wina womlandira ntchito.

Pamene Harry Johnston adabwera kudzagonjetsa Mlozi mu Disembala 1895, adatenga dokotala wa Boma, Wordsworth Poole, amene adafika ndi asilikali nabwerera ndi asilikali omwewo. Pa 9 Seputembala 1914 Ajeremani ndi Angerezi adamenyana pa Karonga pomwepo, ndipo manda a ena mwa ophedwa alipobe mpaka lero. Tikaziika pamodzi nkhanizi, tipeza kuti madokotala a Boma ankachuluka ku mpoto kwa nyanja pa nthaŵi ya nkhondo, ndipo ankabwerera mfuti zikatonthola. Chipatala cha atsamunda chidakhazikitsidwa poyamba kuti chisamale azungu ndi asilikali. Mai wachingonde amene mwana wake adayamba kukomoka pakati pa usiku ankathamangira kwa sing'anga, ndipo wapakati ankaitanirwa mzamba. Tinganene zambiri pa za nzeru za anthu aŵiriŵa, zina zoyamika zina zodandaula, koma chinthu chimodzi sitingaŵalande: ankakhala m'mudzi momwemo, ndipo ankadzuka pa ora lililonse.

Kusintha kwenikweni kudachokera pa phiri la Khondowe, kumene Dr Robert Laws adasamutsira Mishoni ya Livingstonia mu 1894. Laws adali munthu wosunga Sabata mosanyengerera, komanso adali dokotala, yemwe mu 1876 ku Cape Maclear adachita opareshoni atamgoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform. Chipatala cha David Gordon Memorial chidatsekulidwa kumeneko mu 1911. Koma chidali pamwamba pa phiri, ndipo wodwala wochokera ku nyanja ankayenera kunyamulidwa pa machila kukwera mseu wa makona ngati 20 kuchokera ku Chitimba. Mphatso yaikulu ya Livingstonia, monganso ya Mishoni ya Blantyre kummwera, idali kuphunzitsa ana a dziko lino ntchito yothandiza madokotala: kutsuka ndi kumanga zilonda, kubaya jekeseni, kuzindikira matenda ndi kugaŵa mankhwala. Anthu ameneŵa ankatumizidwa ku tizipatala ta kumidzi, ndipo aliyense ankapatsidwa nyumba pafupi ndi kachipatala kake.

Nyumba imeneyi tiiyang'anitsitse, aŵerengi athu, chifukwa ndiyo idakhala chipinda choyamba cha matenda adzidzidzi m'dziko muno. Kachipatala kankatsekedwa madzulo ndi pa Lamulungu monga ofesi ina iliyonse, koma aliyense m'deralo ankadziŵa zenera loti agogode. "Odi, adokotala!" Munthu uja ankadzuka, nayatsa nyali, natenga makiyi. Palibe lamulo limene lidalembapo za maora ameneŵa, ndipo palibe amene adaŵaŵerenga. Boma ndi mishoni zidapeza njira yotsika mtengo yokhalira ndi chipatala chosatseka, ndiye kuti munthu mmodzi wosaŵeruka. Tikamva akuluakulu akusimba kuti adokotala akale adali achifundo kuposa a lero, tizikumbukira kuti chifundo chaocho chidali ndi mtengo, ndipo amene ankaulipira ndi tulo tao ndi mabanja ao. Tizikumbukiranso kuti anthu ogogoda adali oŵerengeka, chifukwa ambiri ankafera kumudzi.

Pa nthaŵi ya ufulu mu 1964 madokotala Achimalaŵi adali oŵerengeka pa zala, ndipo dziko lidalibe sukulu ya udokotala mpaka mu 1991 pamene College of Medicine idatsekulidwa ku Blantyre. Pofuna kutseka mpata umenewu, mu 1976 Boma lidayamba kuphunzitsa ma clinical officer, anthu amene odwala amangoŵatchula kuti adokotala, ndipo saphonya kwenikweni. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2007 adapeza kuti mwa maopareshoni 10 aliwonse otulutsa mwana m'zipatala za m'maboma, pafupifupi 9 ankachitidwa ndi iwoŵa, ndipo amai ankachira monga momwe ankachirira m'manja mwa madokotala enieni. Choncho mai wa ku Iponga kapena ku Nyungwe amene mwana wapingasa m'mimba usiku wa Loŵeruka, moyo wake wakhala uli m'manja mwa clinical officer, wogonetsa odwala ndi namwino, kwa zaka pafupifupi 50 tsopano.

Nanga sabata imayenda bwanji m'chipatala cha Boma? Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu kumalo olandirira odwala oyendera kumakhala piringupiringu, kolandirira mankhwala ndi kopimira magazi nkotsekula, ndipo akuluakulu onse ali m'maofesi mwao. Loŵeruka malo ambiri amagwira mpaka masana. Kuyambira pamenepo mpaka Lolemba m'maŵa, m'mawodi mumatsala anamwino oŵerengeka, ndipo ena onse amakhala ali pa call, ndiye kuti ali kunyumba kudikira kuitanidwa. Wodwala akafika wakomoka, mlonda kapena namwino aimbe foni, galimoto ikatenge clinical officer, iye akaona kuti pafunika magazi aitane wa ku labu, pakafunika mpeni aitane wogonetsa. Uliwonse mwa maulendo ameneŵa umadya mphindi zake, pamene mai wotaya magazi atachira angathe kutsirizika pa maora aŵiri okha.

Pali chinthu china chimene chidalemeretsa katundu ameneyu, ndipo kaŵirikaŵiri timachiiŵala. Mu 2007 Boma lidaletsa azamba kubereketsa amai m'midzi, ndipo mafumu ambiri adaika chindapusa kwa mai wochirira panyumba. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adafeŵetsa chiletsocho mu 2010, koma mtsinje udali utasintha kale njira. Mu 1992 amai 55 mwa 100 aliwonse ndiwo ankachirira ku chipatala. Pofika 2016 adali 91. Ichi nchinthu chonyaditsa, ndipo chapulumutsa miyoyo yambiri. Koma tanthauzo lake nlakuti ntchito ya usiku imene kale idali yomwazikana m'midzi mazanamazana, tidaisonkhanitsa nkuitula pa khomo la namwino. Ana sabadwa potsata kalendala. M'boma la Karonga, mmene kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 365,000, zimenezi zikugwera chipatala chachikulu chimodzi, zipatala za Chilumba ndi Kaporo, za mishoni monga St Anne's ndi Atupele, ndi tizipatala tating'ono monga Wiliro, Lupembe, Mpata ndi Fulirwa. Tidauza amai kuti bwerani, ndipo adabwera.

Katunduyu adakula pa nthaŵi imene osenza ake adali atangochepa koopsa. Mbiri ya Edzi ku Karonga ndi yodziŵika bwino kuposa ya maboma ena, chifukwa kuyambira mu 1979 ku Chilumba kudakhazikika gulu lofufuza za khate lothandizidwa ndi bungwe la LEPRA, motsogozedwa ndi Jörg Pönnighaus ndi Paul Fine. Timadontho ta magazi timene adasunga tidadzaonetsa pambuyo pake kuti kachirombo ka HIV kadali katafika kale m'bomali mu 1982. M'zaka 20 zotsatira mawodi adadzaza, odwala ena nkumagona pansi, ndipo matendawo sadasiye anamwino ndi ma clinical officer. Mwa otsalawo ambiri adapita ku Britain kumene malipiro a mwezi umodzi ankaposa a chaka chathunthu kuno kwathu, ena adaloŵa m'mabungwe. Pofika 2004 m'Malaŵi mudali maboma ena opanda dokotala ndi mmodzi yemwe.

M'chaka chimenecho Boma lidayamba ndondomeko yapadera yoonjezera antchito a zaumoyo, mothandizidwa ndi Britain ndi thumba la Global Fund. Malipiro adakwezedwa ndi 52 pa 100 iliyonse, sukulu za unamwino zidakuzidwa, ndipo pofika 2009 chiŵerengero cha antchitoŵa chidakula ndi theka. M'zaka zomwezo mudafala mchitidwe wa lokamu, woti namwino amene ali pa tsiku lake lopumula abwerere ku wodi nalandire kangachepe. Lokamu idapulumutsa mausiku ndi Malamulungu osaŵerengeka, sitingakane. Komabe tikaiyang'ana bwino, ndi nzeru yakale ija ya nyumba ya pafupi ndi kachipatala, itangovala malaya atsopano: m'malo molemba munthu wachiŵiri, tigula mpumulo wa woyamba. Namwino amene wagwira usiku, nagwiranso usana, nabwereranso usiku, manja ake ndi omwewo koma maso ake sakhalanso omwewo.

Ofufuza a ku Chilumba aja adatiphunzitsanso china chokhudza khomo lotsekula. Mankhwala a ma ARV adayamba kuperekedwa ulere pa chipatala cha Karonga mu Juni 2005, pa mtunda wa makilomita ngati 70 kuchokera ku Chilumba. Pasanathe chaka, imfa za akuluakulu okhala kufupi ndi mseu waukulu zidatsika ndi 35 pa 100 iliyonse, pamene kwa okhala kutali ndi mseu sikudaoneke kusintha kotere. Khomo lidali limodzi, lotsekukira onse, koma ofikako adali amene mseu udaŵakondera. Ngati zidali choncho masana a pakati pa sabata, nanji usiku wa Lamulungu, pamene minibasi zaima ndipo wa njinga yamoto atchula mtengo umene wafuna?

Tsoka silinunkha, amatero akuluakulu, ndipo anthu a ku Karonga adaziona mu Disembala 2009. Chivomezi choyamba chachikulu chidagwedeza bomali madzulo a Lamulungu pa 6. Zina zidatsatira, anthu nkuyamba kugona panja nyengo ya mvula. Chachikulu koposa, cha mphamvu 6.0, chidabwera usiku wa Loŵeruka kucha Lamulungu pa 20 Disembala, 1 koloko itangopitirira. Pa zivomezi zonsezo anthu 4 adamwalira, opitirira 100 adavulala, ndipo nyumba zikwi zingapo zidagwa kapena kung'aluka. Pa maora onse a sabata, limenelo ndilo ora limene chipatala chilichonse chimakhala ndi manja ochepetsetsa. Oitanidwa kuti adzasoke mabala adali anthu a m'tauni yomweyo, amene makoma a nyumba zao ankagwedezeka chimodzimodzi, ana ao akulira pabwalo. Thandizo lochokera kwina silikadafika kusanache, pakuti chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chidatsekulidwa mu 2000, chili pa mtunda wopitirira makilomita 200, kuseri kwa chikweza cha Chiweta.

Tisaganize kuti vutoli ndi la amphaŵi okha. Mu 2001 madokotala aŵiri a ku Canada, Chaim Bell ndi Donald Redelmeier, ataunika mbiri ya odwala pafupifupi 3.8 miliyoni a m'chigawo cha Ontario, adapeza kuti pa matenda ena oopsa, wogonekedwa Loŵeruka kapena Lamulungu ankafa kaŵirikaŵiri kuposa wogonekedwa pakati pa sabata. Akatswiri ena adadzatsutsa kuti mwina obwera pa masiku ameneŵa amakhala odwalitsitsa kale, ndipo mtsutsowo sudathe. Ku England nkhani yomweyi idautsa mkangano pakati pa nduna ya zaumoyo Jeremy Hunt ndi madokotala achinyamata, mpaka mu Epulo 2016 iwo adanyanyala ntchito ngakhale m'zipinda za matenda adzidzidzi. Ku Ontario komwe kuja, pakati pa Julayi 2022 ndi Juni 2023, zipinda zoterezi zidatsekedwa kwa kanthaŵi maulendo opitirira 200, makamaka m'matauni ang'onoang'ono, chifukwa chosoŵa anamwino, ndipo cha ku Minden chidatsekedweratu pa 1 Juni 2023.

Kusiyana kwathu ndi iwo kuli apa. Iwo akasoŵa antchito amakhoma chikalata pa khomo, nalengeza pa wailesi kuti chipatala chatsekedwa mpaka Lolemba, anthu nkukwiya, nyuzipepala nkulemba, nduna nkuyankha m'nyumba ya malamulo. Ife sititseka, ndipo tilibe mwai wotseka, chifukwa munthu wa ku Wiliro alibe chipatala china chapafupi choti athaŵireko. Nyali imayaka, chitseko nchotsekula, mlonda ali pa geti. Koma popeza sititseka, palibenso chimene chimaŵerengedwa. Maora amene wodwala adakhala pa benchi kudikira kuti woitanidwa afike salembedwa m'buku lililonse, ndipo mkwiyo wa abale umagwera namwino yekhayo amene adampeza. Ife tiganiza kuti pa zinthu ziŵirizi, kutseka kolengeza ndi kutsekula kopanda anthu, chachiŵirichi ndicho chovuta kuchiza, poti sichioneka.

Sikuti zonse zimafuna ndalama zambiri. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Profesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adaona kuti ana ambiri ankafa tsiku lomwe afika, ena ali pa mzere. Cha m'ma 2001 adakonza malo olandirira ana mwatsopano, naphunzitsa antchito kuyenda pa mzere ndi kusankha msanga mwana wobanika, wokomoka kapena wotha madzi m'thupi, kuti iye ayambe kuonedwa ngakhale wabwera pambuyo. Imfa za ana ogonekedwa, zimene zidali pakati pa 10 ndi 18 pa 100 aliwonse, zidatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse likuiphunzitsa m'maiko ambiri, ndipo idafika m'zipatala za m'maboma athu. Koma nayonso ifuna munthu woima pa khomo. Magazi nawo ali ndi kalendala yao: bungwe losonkhanitsa magazi, limene lidakhazikitsidwa mu 2003 ndipo lili ndi nthambi ku Mzuzu, limadalira kwambiri ana a sukulu, kotero kuti nkhokwe zimachepa pa tchuthi cha Disembala, nthaŵi yomwe malungo akuyamba kusoŵetsa ana magazi.

Tiyeni tiŵerengetse pang'ono. Sabata ili ndi maora 168. Maora a ofesi ndi ngati 40 kapena 45. Ndiye kuti magawo atatu mwa anai a moyo wa chipatala ndi usiku, Loŵeruka ndi Lamulungu, nthaŵi imene timaiyesa yapadera chonsecho ndiyo yochuluka. Kuti mpando umodzi wokha ukhale ndi munthu usana ndi usiku sabata yonse, wina aliyense akugwira maora oyenera, pafunika anthu anai, ndipo tikaonjeza tchuthi, maphunziro, matenda ndi maliro, asanu. Kachipatala kokhala ndi medical assistant mmodzi ndi anamwino aŵiri sikangakwanitse masamu ameneŵa, kaya anthuwo ndi oyera mtima chotani. Mutu umodzi susenza denga, koma kuyambira masiku a Kerr Cross takhala tikuusenzetsa.

Chodabwitsa nchakuti lero anthu ophunzira alipo. Sukulu zimene zidakuzidwa kuyambira mu 2004 zakhala zikutulutsa anamwino ndi ma clinical officer chaka ndi chaka, ndipo ambiri mwa iwo akhala kumudzi zaka zingapo ndi masatifiketi ao, kudikira Lolemba limene silifika, chifukwa Boma lidaika malire pa ndalama za malipiro. Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utafika, antchito a m'zipatala adachita kukhala pansi kufuna zodzitetezera ndi anzao oonjezera, ndipo mpamene ena adalembedwa. Kulemba munthu watsopano kumadikira chilolezo cha ku Lilongwe. Lokamu imatuluka m'kathumba kamene ofesi ya zaumoyo ya boma lililonse imalandira mwezi ndi mwezi, kathumba komweko kogulira mafuta a ambulansi, ufa ndi nyemba za odwala, ndi kulipirira madzi ndi magetsi. Kathumbako kakachedwa kapena kakaperewera, woyang'anira ayenera kusankha pakati pa namwino wachiŵiri m'wodi ya amai usiku wa Loŵeruka, ndi mafuta oti ambulansi ikwerere Chiweta.